Diresi Lobiriwira la Zuwena

Sisita wa ku kiliniki ya ku Wonderkop sanazungulire. Anamuuza Sainabu kuti shuga wayamba kukwera m'magazi mwake, ndipo akapanda kuchepetsa thupi adzayamba kumwa mapiritsi asanakwanitse zaka makumi awiri. Sainabu anangogwedeza mutu, maso ali pa sikelo. Kunyumba sanauze munthu.

Akaweruka ankatsalira pakhonde la sukulu pomwe intaneti imagwira mwaulere, n'kumafufuza pa foni. Zambiri zinali zabodza zooneka ndi maso: tiyi wosungunula mafuta, kugona masiku atatu ndi madzi a mandimu okha. Zomwe zinkagwirizana ndi mawu a sisita ankazilemba kumapeto kwa kope la sayansi. Nsima isapose chibakera chako. Masamba achuluke. Zakumwa zotsekemera ayi. Kuyenda theka la ola tsiku lililonse.

Anasiya magwinya, mandasi a kuno aja amene ankagula atatuatatu pageti. M'mawa ankayenda m'mbali mwa mpanda wa mgodi mpaka pa thanki ya madzi n'kubwerera. Pofika mwezi wachitatu, siketi ya sukulu inayamba kuzungulira yokha m'chiuno.

Bambo ake, a Osmani, owotcherera zitsulo ku mgodi, anayamba kubwera ndi tchipisi tsiku ndi tsiku.

"Idya, Sai. Ukufuna a ku Mangochi azinena kuti ku Joni kuno ndimakudyetsa fumbi?"

"Ndakhuta, Ababa."

Bambo akewo ankaseka, koma anasiya kumuyang'ana kumaso.

Loweruka lina Sainabu anatsegula sutikesi ya malemu amayi ake, a Zuwena, amene anamwalira iye ali ndi zaka khumi. Munali diresi lobiriwira lomwe chaka chatha linamukanira m'mapewa. Ulendo uno linangotsetsereka lokha. Linkamvekabe fungo la sopo, ndi kafungo kena ka mankhwala. Ali mkati modziyang'ana pa kagalasi, chitseko chinatseguka.

Jumbo ya tchipisi inagwa pansi.

"Zuwena," anatero bambo ake chapansipansi.

"Ndine Sai, Ababa."

Bambo ake anakhala pabedi osavula majombo.

"Diresi limenelo mayi ako anakalichepetsa kwa telala thupi litangoyamba kutsika. Ankati angosiya zamafuta. Ine n'kumawayamikira, ati mwakongola. Osadziwa kuti amakatsokomolera kuseri kwa nyumba kuti ndisamve. TB ija tinaidziwa mochedwa."

Sainabu anamva nsaluyo ikumuzizira pakhungu. Anatulutsa kope lija ndi khadi la ku kiliniki, n'kuwawerengera mzere uliwonse, akumasulira m'Chichewa.

"Ndikuchita dala, Ababa. Ndi shuga. Ndinkachita manyazi kukuuzani."

"Mayi akonso ankati akuchita dala."

Lolemba a Osmani anapempha tsiku kuntchito, napita naye ku kiliniki. Anamuyeza makhololo ndi magazi. Zotsatira zitabwera, sisita ananena kuti m'chifuwa mulibe kanthu, ndipo shuga watsika. A Osmani anamupempha kuti abwerezenso, iye nabwereza. Diresi linabwerera m'sutikesi. Tchipisi chinatha, m'malo mwake munayamba kubwera kabichi ndi sipinachi.

Koma m'mawa uliwonse, Sainabu akamayenda m'mbali mwa mpanda uja, ankamva majombo pambuyo pake. Bambo ake ankati akukakwera basi ya kuntchito, chonsecho basiyo imaima mbali ina. Sainabu ankadziwa chimene akumvetsera.

Tsiku lina mphepo ya Ogasiti inanyamula fumbi la pa mulu wa mgodi, n'kumulowa pakhosi. Anatseka pakamwa, nameza mate, misozi n'kulengeza. Anayamba kuyenda msanga kuti akatsokomolere kuseri kwa thanki. Atatsala pang'ono kufika anaima. Anakumbukira amayi ake kuseri kwa nyumba, atavala zobiriwira.

Anatembenuka, nayang'ana bambo ake, n'kutsokomola mokweza mpaka pakhosi panayera.

"Ndi fumbi, Ababa."

A Osmani anaima duu, chipewa chili m'manja.

"Ndamva," anatero. "Zikadzakhala kuti si fumbi, udzatsokomolenso chomwecho."

Anayenda limodzi mpaka pa thanki.