Tizilembo Tomwe Tinamulepheretsa Gladys

Gladys analephera mayeso a kompyuta, koma osati chifukwa chosowa nzeru. Maso ake ndi ofooka chibadwire, ndipo tizilembo ta pa kompyuta tinkamuonekera ngati nyerere. Powerenga ankachita kugunditsa mphuno pagalasi, misozi ili chuchuchu.

Makompyuta a pamalo ophunzitsira achinyamata ku Golomoti anabwera ndi bungwe lina, ndipo onse amayendetsedwa kuchokera ku ofesi yake ku Lilongwe. Gladys atapempha aphunzitsi ake, a Pius, kuti amukulitsire zilembo, iwo anapukusa mutu.

"Zonse anakhoma kulikulu. Ndinalowetsa fulashi ya nyimbo za kwaya, inakana. Usagwire chilichonse, angatilande makinawa."

Kuyesa chinthu chimodzi basi, n'kuweruza zonse! Zimapweteka mtima.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, kunyumba bambo ake, a Chakufwa, anagamula. "Zakukanika, mwana wanga. Mpunga ukucha ku Bwanje, uzikathamangitsa mbalame."

Mayi ake, a Fainesi, sanavomere. Atamva kuti katswiri wa bungwelo, mayi Mwanjuma, wabwera kudzayendera makina, anapita ndi Gladys konko.

"Mayi, mwana wanga mukumupha maso. Munakhomeranji zilembo?"

Mayi Mwanjuma anadabwa. "Zilembo sitinakhome ayi. Taonani apa. Zolembedwa motuwa pagalasizi ndiye zokhoma, monga fulashi ndi kuika mapulogalamu atsopano. Timatero kuti vairasi isalowe n'kuononga makina onse, ndipo palibe angazisinthe pano. Koma kukula kwa zilembo ndi kuwala kwa galasi tinangoika poyambira. Aliyense ndi womasuka kusintha."

Anaonetsa Gladys kabatani kokulitsira zilembo, n'kumuuza kuti adine yekha. Zilembo zinakula pomwepo. Anawerenga mzere wonse atakhala tsonga, kenako anayamba kulira.

"Aphunzitsi, teremu yonse chifukwa cha kabatani aka?" anafunsa a Fainesi.

A Pius anayang'ana pansi. Mayi Mwanjuma nawo anavomera kuti ofesi yawo inapereka makina osafotokoza bwino.

A Chakufwa atamva, mbalame anakathamangitsa okha. Gladys anabwereza mayeso n'kukhoza bwino, koma anzake anali atalandira kale masatifiketi.

Pa makompyuta oyendetsedwa kulikulu, zina ndi lamulo, zina ndi zosankha. Zokhoma musalimbane nazo, anaziika pa chifukwa. Koma musanauze munthu kuti "sizitheka", funsani oyang'anira kuti zokhoma ndi ziti. Gladys anataya teremu yonse chifukwa palibe anafunsa.