Zingwe za Kumsana kwa Tupochele

Amene ndinkakoka zingwezo ndine, ndiye mlanduwu sindiukankhira kwa munthu wina.

Tupochele anabwera ku Dublin kudzaphunzira ku yunivesite, n'kupeza chipinda m'nyumba mwanga ku Balbriggan. Anafika ali ndi pathupi pa miyezi iwiri, mwamuna wake Eston atatsala ku Liwonde. Ine Louisa, wokolopa ku eyapoti, ndinangopezeka ndasanduka mayi ake. Mwezi wachisanu ndi chitatu mwana anabadwa atamwalira kale. Anali wamwamuna. Tinamuika kuno komwe, anthu ochepa chabe, Eston akulira pa foni.

Koma mimba siimva kuti mwana kulibe. Inakhalabe yotuluka, moti m'sitima anthu ankamupatsabe mpando. Mayi wina wachizungu mpaka anamufunsa kuti achira liti, mokoma mtima ndithu. Ndiye ndinachita zimene mayi ake akanachita: m'mawa uliwonse ndinkamumanga pamimba ndi chitenje.

Patatha miyezi iwiri anabwera ndi chinthu chimene anagula m'sitolo ya zovala zakale. Anati dzina lake ndi koseti, chovala cha m'kati cha azimayi achizungu amakedzana. Chinali cha nsalu yolimba yoyera koma itayamba chikasu, m'kati muli timizere ta zitsulo, kumsana kuli zingwe zopingasa ngati za nsapato. Ine pakamwa sindichedwa. Ndinati azungu akale nawonso anali ndi mavuto awo, munthu kuvala khola la nkhunda m'kati mwa diresi. Tupo anaseka. Chiikire mwana uja anali asanasekepo, ndipo chifukwa cha kuseka kumeneko ndinavomera kumamumanga.

Ankagwira chitseko ndi manja awiri, ine n'kumakoka. Ndikati basi zakwana, iye ankati ndiwonjezere pang'ono. Mawa lake pang'ono penanso. Sipanatenge nthawi, chakudya chinayamba kumukanika: masipuni atatu a mpunga, kenako chilungulira tsiku lonse. Masitepe a m'nyumba ankawakwera mopumira, akupuma mwawefuwefu. Ndikamamasula madzulo ndinkapeza mizere yakuda m'nthiti, pena khungu litasupuka. Ndinkaona zonsezi, osati sindinkaona ayi. Ndinkangodziuza kuti mwanayu watopa ndi kupatsidwa mpando, mimba ikalowa asiya yekha.

Mimba inalowa, iye osasiya. Apa m'pamene mtima wanga unayamba kuipa. Ndinaganiza kuti akukonzera Eston chiuno, kuti akadzabwerera kwawo akamupeze ngati namwali. Ndipo ndinkakoka ndi mkwiyo, Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri lina anakomoka pa siteshoni akudikira sitima. Anandiimbira ndili ku ntchito, ndipo ndinasiya mopu pomwepo. Dokotala wa ku chipatala sanakalipe. Anangofotokoza kuti chinthucho chikamangidwa kwambiri mapapo satambasuka bwino, chifu chimapanikizika, ndipo minofu ya pamimba imene ikufunika kulimba imangofookerabe. Anafunsa kuti amamumanga ndani, poti zingwe zili kumsana. Ndinayang'ana pansi.

Titafika kunyumba masana ndinatenga sizasi, n'kuika koseti ija patebulo. Manyazi a kuchipatala anali asanandichoke, ndiye ndinawatulira pa iye. Ndinamuuza kuti anabwera kudzaphunzira, osati kudzafera kuno. Kuti ine sindidzaimbira mayi ake kawiri ndi uthenga wa maliro. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwawa.

"Mwana uja sitinaiwale n'komwe manda ake, iwe uli kalikiliki kufuna chiuno cha mavu. Cha ndani?"

Sanalire. Anangoika dzanja pa koseti ija kuti ndisadule.

"Anti, za figure ine ndilibe nazo ntchito," anatero. "Mwezi womaliza uja ankandiponda apa, pansi pa nthiti, mpaka ndinkalephera kupuma. Ndinkadandaula daily, inu mukudziwa. Mukakoka kwambiri, chitsulo ichi chimandibaya pomwepo. Ndimakhala ngati ndapita naye ku class."

Ndinakhala pampando. Miyezi yonseyi ndinkamuweruza mwana wa eni ake, pamene iye ankangofuna kuti pamalo paja pasakhale zii. Ndinalira ine, wamkulu, iye n'kumandisisita kumsana.

Sizasi ndinaibweza m'dirowa. Kudula sindikanatha, komanso kumupha ndi manja anga sindikanalola. Tinagwirizana kuti apita kukaonana ndi mlangizi amene achipatala anatiuza, ndipo koseti azivala ola limodzi lokha, m'nyumba.

M'mawa mwake anagwira chitseko monga mwa masiku onse. Ndinalowetsa zala zanga ziwiri pakati pa nsalu ndi msana wake, n'kukoka mpaka pamenepo basi. Ndinamanga mfundo. Ndinadikira kuti anene kuti ndiwonjezere, ndipo yankho lokana ndinali nditalikonza kale. Iye anapuma mpweya wonse, chifuwa chinadzaza bwinobwino, n'kuika dzanja pansi pa nthiti. Anakhala choncho kanthawi, akumvetsera.

"Lero wagona, eti anti?"

"Wagona, mwanawe," ndinatero. "Musiye agone."