Tayi Adikira Kuchondereredwa

Mwana wa achimwene anga timamutchula Tayi, chifukwa anayamba kumanga tayi asanadziwe kumina. Ku khonsolo ya mzinda anali mkulu wa zachuma, ndipo udindowo unabwera ndi nyumba yaikulu ya boma. Chipinda chimodzi chinali changa, cha bafa lakelake. Ine sukulu ndinangoisuzumira pazenera, koma madzi otentha a pampopi ndinawaphunzira tsiku limodzi.

Chaka chimenecho ndalama za khonsolo zinamera miyendo. Otola zinyalala ananyanyala ntchito, ntchentche zinanenepa, manyuzipepala ali kalikiliki kufunsa amene wadya. Tayi anabwera masana akumwetulira.

"Azakhali, mawa ndikutula pansi udindo."

"Ukautula pansi, nyumbayi tiisenza pamutu?"

"Inu ndale simuzidziwa. Munthu amatula, a Meya amakana. Amakuimbira foni, amvekere chonde bwerera, mzinda ukukufuna. Ukabwerera wayera ngati khanda. Wa zamisewu anatero chaka chatha, anachita kumuwonjezera galimoto."

"Ndiye za mlendo wokana chakudya kuti amukakamize? Samala mwanawe, makomo ena amangochotsa mbale."

Anaseka. Nzeruyo akuti anamupatsa ndi wachiwiri wake, kabambo kofatsa kamene anzake ankakatchula Inde-Bwana. Mawu okanena pawailesi anamulembera ndi yemweyo.

M'mawa tinamumva Tayi akuuza dziko kuti chikumbumtima chake sichikumugonetsa tulo. Ine ndinadabwa, poti mkonono wake ndinkaumva kudutsa makoma awiri. Atabwerako sanavule suti. Anakhala pabalaza, foni patebulo, chingwe cha moto chili chilumikizire. Analamula kuti pasapezeke wotsokomola.

Foni inalira. Anaisiya ilire kaye, kuti asaoneke wanjala. Anali mlamu wake, kufunsa ngati matayala akale a galimoto ya boma abwezedwa nawo. Inaliranso. Anali abusa, kumuyamikira kuti anthu a mtima woyera ngati iye ndi osowa, ndipo asayerekeze kubwerera m'phanga la akuba lija.

"Amen," ndinatero ine chapansipansi.

"Azakhali, chonde."

Nkhani za madzulo zinatipeza tili pomwepo. Wa zamisewu watula. Wa zamadzi watula. A Meya nawonso atula, ati chikumbumtima. A Meyawo ankayembekezera kuti nduna yoona za makhonsolo iwachonderera, koma nduna inali itatula kale m'mawa, nayo ili kwawo kuyang'anitsitsa foni. Mawu awo onse ankafanana ngati ana a mimba imodzi. Mkazi wa Tayi anati, "Bambo, kodi Inde-Bwana uja analembera anthu angati?"

Tayi asanayankhe, Inde-Bwana mwini wakeyo anamveka pawailesi. Popeza akuluakulu onse achoka, boma lamupempha kuti agwirizire udindo wa onsewo, ndi wa Tayi womwe. Anati sanaufune, koma wavomera chifukwa cha mzinda. Ndipo ndi mtima wosweka walandira kutula kwa onse, pakuti iye ndani kuti alimbane ndi chikumbumtima cha mabwana ake?

Sabata isanathe, mkazi wa Inde-Bwana anafika ndi chingwe choyezera mazenera. Anali waulemu, anagwada pondipatsa moni. Kenako anandifunsa ngati bafa la m'chipinda changa limatulutsa bwino madzi otentha, chifukwa mudzagona amayi ake.

"Limawotcha, mwanangu. Awuzeni adzasambe mofulumira, nyumba ino sikhalitsa anthu."

Tinasamuka pa lole ya mlamu uja. Ine anandikweza kumbuyo, pa sofa, poto wamkulu ali pamiyendo. Tayi anakwera nane chifukwa kutsogolo anakhalako mkazi wake ndi wailesi yakanema. Tikutuluka pageti, foni inalira m'thumba la jekete. Atayang'ana dzina, anawongola tayi, nkhope yonse kuwala.

"A Meya," anandinong'oneza. "Ndinakuuzani. Imitsani lole!"

Lole inaima. Ndinasendeza khutu, poti ugonthi wanga umasankha nkhani.

"Achimwene," anatero a Meya ndi mawu otsika, "pepani kukuvutitsani. Kodi inuyo alipo amene wakuimbirani?"