Bakha wa pa Mulu wa Zovala

Ndinkasita malaya a amuna anga Lolemba m'mawa pamene foni inalira. Anali Amadamu a kuchipatala, amene amathandiza mwana wanga kulankhula.

"Mayi, ndili ndi uthenga wabwino. Mwana wanu wasankhidwa. Aziphunzira Chifalansa."

Ndinaimika simbi.

"Amadamu, mwalakwitsa nambala. Wangayu ngakhale chathu chomwechi chikumuvuta."

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amamva bwinobwino, ndipo mutu wake ndi wakuthwa kuposa wa bambo ake, koma mawu amamukanirira. Akatulutsa awiri motsatizana ndiye kuti tsikulo wacheza. "Madzi ine." "Iwe ayi." Zina zonse amalamula ndi chala, n'chifukwa chake m'nyumba muno timamutchula kuti Bwana.

Amadamu anafotokoza kuti kwabwera magalasi ena ake. Ukawavala umaona chipinda chako chomwecho, mipando yako yomweyo, koma muli zinthu zina zoti kunjaku kulibe. Akuti ana ena amamasuka kulankhula ndi chidole kusiyana ndi munthu amene akuwayang'ana pakamwa. Komanso m'chilankhulo chachilendo palibe wowadzudzula, poti m'nyumba mulibe wochidziwa. Pakatha masabata atatu adzabwera kudzamvetsera. Zikapanda kumuthandiza, magalasiwo apita kwa mwana wina, pakuti odikira ndi ambiri.

"Bambo wamakina akubwera kudzakonza," anatero.

"Liti?"

"Ndikhulupirira kuti ali pakhomo panu."

Analidi pakhomo. Anapeza pabalaza pali momwe pamakhalira Lolemba. Pampando wa pakona panali mulu wa zovala zosasita wofika m'chiuno, thebulo lositira lili pakati, ndowa ili pansi pa windo pamene pamadontha, ndipo nsapato imodzi ya bambo ake inali pamwamba pa wailesi. Za nsapatoyo musandifunse.

"Dikirani ndikonzeko kaye," ndinatero.

"Musavutike mayi, ndi mphindi ziwiri zokha."

Anavala magalasiwo n'kumatembenuza mutu pang'onopang'ono ngati nanzikambe, akuti akujambula chipinda. Masana Bwana atabwera kusukulu anawavala. Anaima chilili, kenako analoza mulu wa zovala uja.

"Bakha."

Bambo wamakina anandionetsa pafoni yake zimene mwanayo ankaona. Pamwamba pa zovala zanga panali chibakha chonenepa chovala chipewa, chitakhala ngati chikufungatira mazira. Thebulo lositira linali litasanduka sitolo ya zipatso, ndowa ili dziwe la nsomba. Bakhayo anavula chipewa n'kupereka moni m'Chifalansa. Bwana anayankha. Mwana amene amaonetsa azakhali ake nkhongo akamamupatsa moni anayankha bakha.

Mawa lake ndinasita theka la mulu uja monga munthu wanzeru zake. Bwana atavala magalasi anakuwa n'kudzigwetsa pansi. Bakha anali atalowa m'khoma, kunja kwangotsala mchira, ndipo sankalankhula. Ndinaimbira bambo wamakina.

"Mwasuntha kanthu?"

"Ndasita zovala zanga m'nyumba mwanga."

"Ndiye vuto lake limenelo. Makinawo anagwira chipinda momwe chinalili. Mulu uja akuuyesa mpando wa bakha."

"Bwerani mudzajambulenso."

"Tikatero bakha amuiwala mwanayo. Ayambiranso kumufunsa dzina ngati mlendo."

Bwana sagwirizana ndi zoyambiranso. Tsiku lina titasintha kapu yake anakhala masiku awiri osatiyang'ana. Ndiye ndinatulutsa zovala zosita zija, n'kuzikwinya ndi manja anga omwe, n'kuzibwezera pampando.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munakhala lamulo. Wochotsa malaya pamulu aziikapo thalauza. Ndowa isasunthe ngakhale kunja kuli ng'amba. Bambo ake anasangalala kwambiri, chifukwa kwa nthawi yoyamba chikwatirane chathu nsapato yawo inali pamalo olakwika mololedwa ndi achipatala.

Ine ndinkamvetsera ndili kukhitchini. Chifalansa sindimva ngakhale liwu limodzi, koma kuwerenga ndimatha. Sabata yoyamba ankamuuza bakha mawu awiri. Yachiwiri atatu, tsiku lina anayi. Ndinkawerenga ndi zala zonyowa, osasuzumira, kuopa kuti angandione n'kusiya. Kwa ife anthu kunali kudakali chala chomwe chija.

Amadamu anali oti abwera Lachisanu la sabata yachitatu. Lachinayi m'mawa kunafika apongozi anga, mayi awo a bambo ake, osachenjeza. Mayi amenewa anagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu, ndipo bedi lomwe ayala iwo umachita mantha kuligonera. Ndinawalandira, ndinawapatsa tiyi kukhitchini, n'kutseka chitseko cha pabalaza. Popita kukatenga Bwana kusukulu ndinakokera bambo ake pambali.

"Muwafotokozere za bakha."

"Usadandaule, ndiwauza."

Pobwera ndinamva fungo la sopo ndili panja. Pabalaza pankawala. Zovala zonse zinali zitasitidwa, zapindidwa, zalowa m'kabati. Thebulo lositira linali kuseri kwa chitseko, ndowa ili panja yovundikira, nsapato ija yapezana ndi inzake. Ngakhale mipando inali itayang'ana kwina.

"Sindikunena kanthu, mpongozi," anatero apongozi akupukuta manja. "Ndangothandizako."

Ndinayang'ana bambo ake.

"Ndinayamba kufotokoza," anatero, "koma anali atagwira kale tsache."

Bwana anavala magalasi. Anayang'ana pakona, kudenga, pansi pa thebulo. Anawavula bwinobwino, anawaika pampando, n'kukalowa kunsi kwa bedi. Sanalire. Bola akanalira.

Bambo wamakina anali kutali, akuti abwera Lolemba. "Ingobwezeretsani momwe zinalili," anatero, ngati akunena zothira mchere.

Ndinakhazika apongozi pansi n'kuwauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukuti ndidetse chipinda chifukwa cha bakha woti kulibe."

"Alipo amayi, kungoti saoneka."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, mkazi wakoyu akumagona mokwanira?"

"Amayi," ndinatero, "mawa kukubwera Amadamu. Mwanayu akapanda kulankhula, magalasi apita. Ndi bakha yekhayo amene amamuuza mawu anayi. Ine amene ndinamubereka ndimalandira awiri."

Apongozi anadzuka n'kukatsegula kabati.

Vuto linali lakuti palibe ankakumbukira bwino. Ukamakhala m'chisokonezo suchiloweza pamtima. Bambo ake ankati ndowa inali kumanzere, ine ndinkati kumanja. Iwo ankati thebulo linayang'ana kukhomo, ine ndinawafunsa kuti analiyandikira liti chiligulireni. Ndinavala magalasi ndekha kuti ndione. Kudenga kunali mapazi awiri achikasu akulendewera. Titasuntha mpando, mapazi anasowa, chipewa chokha n'kutulukira pansi pa wailesi.

Phokoso lathulo linatulutsa Bwana kunsi kwa bedi. Anandilanda magalasi, anawavala, n'kuyamba kuloza. Apongozi anali atanyamula ndowa dzanja lina, zovala dzanja lina zofika pamphuno, ndipo anali atamufulatira.

"Akuti muike uko," ndinatero.

"Uko kuti? Ine kumsana ndilibe maso. Iwe mwana, chala chako sindikuchiona. Nena."

Ndinatsala pang'ono kuwakalipira. M'nyumba muno mwanayu sitimukakamiza, Amadamu anatiletsa. Koma ndisanatsegule pakamwa ndinamva kumbuyo kwanga.

"Agogo, ndowa uko ayi. Pansi pa windo."

Zala zanga zinawerenga zokha. Asanu ndi awiri, m'chilankhulo chathu, kwa munthu wamoyo. Bambo ake anatsegula pakamwa kuti akuwe, ine n'kuwaponda phazi. Apongozi sanadziwe n'komwe kuti kwachitika chinthu.

"Ukanatero kale," anatero, n'kuika ndowa pansi pa windo.

"Nsapato ya adadi pamwamba."

"Pamwamba pa chiyani?"

"Wailesi."

"Ambuye ndikhululukireni," anatero apongozi, n'kuika nsapato ya mwana wawo pa wailesi.

Thebulo linabwerera pakati. Zovala zinabwerera pampando, koma Bwana anapukusa mutu.

"Mulu wafupika."

Zinali zoona. Zovala zosita zimagona, sizitukumuka. Apongozi anayang'ana malaya amene anawasita okha tsiku lomwelo, makolala ali chilili ngati asilikali. Anatenga amodzi, anatsinzina, n'kuwakwinya. Anatenga ena. Nkhope yawo inali ya munthu amene akusaina kuti amudule mwendo. Titamaliza, Bwana anapendeketsa mutu.

"Pang'ono. Bakha wamira."

M'kabati munalibenso kanthu. Apongozi anapuma mozama, anavula juzi yawo yabuluu, ija amapita nayo kumaukwati, anaipinda n'kuika pamwamba.

"Osapinda," anatero Bwana.

Anaikwinya.

Bwana anaseka, anaweramira mulu uja n'kupereka moni wautali m'Chifalansa. Kenako anatembenukira kwa agogo ake n'kuwauzanso kena kake m'chilankhulo chomwecho.

"Wati chiyani?" anafunsa apongozi.

"Wati zikomo," ndinatero. Sindinkadziwa. Mwina anawagulitsa nthochi.

Lachisanu Amadamu anabwera, anadumpha ndowa, n'kukhala pampando umene tinawalozera. Bwana anagula zipatso kwa bakha, anakana zina, ndipo ndikuganiza kuti anamunenanso kuti ndi wakuba, chifukwa Amadamu anaseka. Pofuna poika chikwama, Amadamu anatambasulira dzanja kumulu kuja.

"Musakhudze juzi ya agogo," anatero Bwana.

Amadamu anabweza dzanja, anandiyang'ana, n'kulemba kwa nthawi yaitali. Magalasi akhala kwathu miyezi ina itatu.

Apongozi anapita Lamlungu opanda juzi. Masiku ano akaimba foni samayamba ndi kufunsa za mwana wawo. Amati ndimupatse Bwana foniyo, ndipo ndimawamva akuti, "Chala sindikuchiona, nena." Bambo wamakina akuti kukubwera njira yojambuliranso chipinda bakha osaiwala munthu. Ndinafunsa kuti liti. Akuti posachedwa.

Lero ndi Lolemba. Ndayatsa simbi, ndasolola malaya amodzi pansi pa juzi ija mosamala, ndipo pamalo pake ndatsinyirapo thaulo. Bambo ake akufunsa ali kuchipinda ngati thalauza lakuda ndalisita. Ndawauza kuti lili pansi penipeni, bakha walikhalira, avale lina.