Mpando wa Apongozi

Apongozi ake aamuna ankanena poyera kuti mwana wawo anakwatiwa ndi kalipentala wapakamwa chabe. Mawuwo ankamudya mumtima kalipentalayo. Atamva kuti akubwera kudzacheza, anaganiza zowakhomera mpando wa nsungwi woti akakhalapo asowe chonena.

Nsungwizo anazidula zili zaziwisi. Poopa mvula, anazikulunga m'pulasitiki n'kumanga kolimba uku ndi uku.

"Bambo a mwana, zimenezo zikuchita thukuta," anatero mkazi wake. "Zimasuleni zipume."

"Zipume? Nsungwi ili ndi mphuno?"

Tsiku lomasula anazipeza zili madontho akuda okhaokha, zikununkha ngati sokosi zonyowa. Chinali chuku. Anangopukuta ndi kansanza, n'kukhoma mpando wake, n'kuupaka vanishi wambiri mpaka madonthowo anawala ngati a kambuku.

"Ndi sitayilo imeneyi," anauza mkaziyo, yemwe sanafunse n'komwe.

Tsiku la alendo, akukokera mpandowo pabalaza, chala chake chinalowa m'mwendo wakumbuyo ngati mu buledi wonyowa. Atasuzumira kunsi anaona tibowa toyera titamera pamfundo. Chuku chija chinali chitadya m'kati monse, moti chimene chinkagwira mpandowo ndi vanishi yekha. Asanaubise, pakhomo panamveka "Odi!"

Apongoziwo anali chimunthu cholowa pakhomo chammbali.

"Ehe! Uwu ndiye mpando wanga uja?" Anayamba kubwerera chambuyo, akukweza thalauza m'mawondo.

"Bambo, taonani kaye zithunzi za mdzukulu wanu."

"Ndiziona nditakhala."

"Kapena musambe kaye m'manja?"

"Kodi mpandowu amakhalira m'manja?"

Kalipentala anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anayang'ana kudenga. Mawondo a apongozi anali atayamba kale kupindika, ndipo kalipentalayo anaona m'maganizo mwake msana wothyoka ndi nkhani yomwe idzakambidwe mpaka kwa zidzukulu. Anatseka maso, n'kudziponya pampandopo iye mwini.

Phwa! Miyendo ya mpando inamwazikana, yake inaloza kudenga, kafumbi kakuda n'kukwera m'mwamba.

Apongozi anawerama, n'kutola kabowa kamene kanamatirira pathalauza la mkamwini wawo, n'kukayang'anitsitsa.

"Mwana wanga anandiuza kuti ndinu kalipentala. Sananene kuti mumalimanso bowa."

Mkazi uja anathawira kukhitchini, koma kuseka kwake kunkamveka bwinobwino.

Kenako mkuluyo anatambasula dzanja n'kumudzutsa kalipentalayo, akumusasa fumbi kumsana.

"Mwapweteka?"

"Pang'ono, bambo."

"Pamenepo pakanagwa ine, bwenzi mukundinyamula pa wilibala." Anatembenuza ndowa imene inali pakona, n'kuigogoda kaye ndi chala asanakhalepo. "Mundikhomere wina. Koma nsungwi zake muziyanike pamthunzi, pomwe pakupita mphepo. Ndipo akatha, mudzayambenso inu kukhalapo."