Siginolo Wani, Dzuwa Likuswa Mtengo

Nkhumba ya ukwati tinakaiwotchera kumtunda, kwa msuweni wanga, chifukwa pachilumba pathu palibe amene amatha kutembenuza nkhumba yathunthu pamakala mpaka chikopa kufiira bwino osapserera. Mwana wanga Liwayway amakwatiwa mawa lake m'mawa. Ine ndi Ambo tinainyamula pansungwi yomwe tinaiwotcherapo, titaikuta ndi masamba a nthochi, ulendo wa kudoko. Ambo ndi amene anamuimira Liwayway paubatizo, n'chifukwa chake timaitanana Pare, monga amachitira kwathu bambo wa mwana ndi womuimira, ndipo takangana kokwanira moti sitiopananso.

Tikufika, geti n'lotseka. Pabolodi alemba ndi choko: siginolo wani, sitima zonse zaima. Limeneli ndi chenjezo loyamba la namondwe.

Ndinayang'ana kumwamba. Abale inu, ngakhale kamtambo kongonamizira! Dzuwa likuswa mtengo, nyanja ili phee ngati madzi a m'beseni, phiri la pachilumba pathu likuchita kuoneka. M'shedi anthu anali atayala kale makatoni, madalaivala a malole akusewera makadi pansi pa magalimoto awo, mayi wogulitsa mazira owiritsa akumwetulira yekha poona msika wabwera wokha.

Pageti panaima mtsikana wa yunifolomu, wa asilikali oyang'anira gombe, pachifuwa palembedwa Dimaano. Ambo sanachedwe.

"Mayi, tatiuzani, namondweyo mwamutsekera mu ofesi?"

"Ali kutali, bambo. Siginolo sinena za kumwamba kwa lero. Imanena za mphepo imene ingafike mawa."

"Ingafike! Inenso mawa ndingalemere, koma sindinatsekere munthu geti."

Anthu anaseka, wina mpaka kuwomba m'manja. Dalaivala wina wachikulire anati tisamunyoze mwanayo, wakutsina khutu ndi mnansi.

"Inde ndi mnansi," anatero Ambo, "koma akamakutsina mwezi ndi mwezi, khutulo limachita dzanzi."

Apo Ambo sananame. Chichokereni namondwe wamkulu uja anakokolola midzi ya kum'mawa, boma limakweza siginolo mphepo ikangotsokomola kutali kunyanja. Ana amaweruka kusukulu, asodzi amakokera mabwato pamtunda, timamanga madenga ndi zingwe n'kuikapo matayala, kenako tsiku lonse timangokhala pakhonde tikudzikupiza chifukwa cha kutentha. Nthawi zina namondwe amabweradi. Nthawi zambiri amakhota.

Ndinavula chipewa n'kumuyandikira mtsikanayo. Ndinamufotokozera kuti mwana wanga akukwatiwa, kuti mkamwini amagwira ntchito pasitima zakunja ndipo Lolemba akunyamuka, kuti ngakhale akanakhalapo, akuluakulu kwathu salola kusuntha tsiku la ukwati chifukwa banja lake silikhazikika. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bambo, ndikakutsekerani mundinyoza, ndipo mwina mukhala mukulondola," anatero motsitsa mawu. "Zonyozazo ndimapita nazo kunyumba, ndimadya, ndimagona. Koma ndikatsegula, sitima imodzi n'kusabwerera, ndine ndimaima pano azimayi akundifunsa amuna awo."

Mtima unandipsa, ndinavala chipewa changa n'kubwerera m'shedi.

Chakumadzulo Ambo anazimirira, kenako anatulukira akunditsinzinira diso. Anali atapeza mwini bwato, dzina lake Kulas, kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba, kumene asilikali saonako. Tinasenza nkhumba yathu ngati tikukaisunga pamthunzi, n'kudutsa kumbuyo kwa msika.

Bwatolo linali la injini, la mikono ya nsungwi uku ndi uku, lotha bwino kuoloka tsiku wamba. Kulas anatiuza malamulo ake mwachangu. Tikagone pansi, atifunditse lona, tikhale ngati katundu. Kenako anatulutsa majekete oyandamitsa munthu pamadzi n'kuwaponya pamchenga.

"Nanga awo?" ndinafunsa.

"Ofiirawo? Amaonekera kutali, achimwene. Mukufuna andilande bwato?"

Nkhumba inakwera. Ambo anakwera. Ine ndinaponda mwendo umodzi m'bwato, wina uli m'madzi, ndipo apo ndi pamene ndinaona mmene nyanja imapumira. Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, koma funde limabwera lalitali, laulesi, n'kukwera mchenga mopitirira, kenako n'kubwerera kutali ndithu. Mwina imatero masiku onse ine osalabadira. Ndinayang'ana majekete ali pamchenga paja, ndipo m'mutu munandibwerera Liwayway, chaka ndi chaka akuyatsa kandulo ya maliro pa tsiku la ukwati wake.

Ndinatsitsa mwendo uja.

"Pare, kwera!"

"Pita nayo iweyo."

"Wapenga? Taona nyanjayi, mwana wakhanda angawoloke chokwawa! Ndikamuuze chiyani Liwayway?"

"Ukamuuze kuti bambo ake amvera boma."

"Ayi, ndikamuuza kuti nkhumba yakufa yalimba mtima kuposa iwe."

Injini inalira, iwo napita. Ndinatola majekete aja n'kuwakoleka pathandala, sindikudziwa kuti ndimachitiranji. Dzuwa lisanalowe foni inalira. Anali Ambo, kumbuyo kwake kukumveka azimayi akulandira nkhumba ndi phokoso. Akuti ngakhale dontho silinawagwere.

Ndinena zoona, ndinasangalala kuti afika, komanso zinandiwawa kuti afika mosavuta chotero. Munthu ndi woipa mumtima. Ndinalakalaka akanati anyoweko pang'ono, achiteko mantha pakati panyanja, kuti ine ndikhale ndi chonena.

Kutacha, wailesi ya mlonda inalengeza kuti namondwe wakhotera kumpoto. Shedi yonse inabuula. Koma siginolo sitsika chifukwa anthu abuula, imadikira chilengezo cha masana, ndipo ukwati unali wa m'mawa. Dimaano anadutsa ndi kapu ya khofi, anandiona, n'kuyang'ana pansi. Sindinamunyoze. Ndinangokhala pakatoni yanga, malaya anga oyera a ukwati ali pamiyendo m'pepala lake.

Mpaka lero sindidziwa ngati chimene chinatsitsa mwendo wanga chinali nzeru kapena mantha wamba. Ambo amati mantha, ndipo ali ndi umboni: anaoloka, anadya, anavina. Ine umboni ndilibe, ndipo sindidzakhala nawo. Chenjezo likalakwa aliyense amaona, dzuwa lili apo, geti lili apo. Koma likapulumutsa munthu, munthuyo sadziwa n'komwe, amangopita kwawo akudandaula kuti amuchedwetsa. Amene akanatiuza kuti boma silikokomeza ndi okhawo amene nyanja inawameza, ndipo iwo sabwera padoko kudzatsutsana ndi Ambo. Komabe musandiuze kuti kudikira n'kwaulere. Ine ndinadikira, ndikudziwa chimene kunandilanda.

Belu loyamba litatsala pang'ono, mkazi wanga Pacita anaimba foni ya kanema. Anali pakhomo la tchalitchi. Sanalankhule zambiri, anangoti, "Nayu mwana wanu," n'kutembenuza foni.

Liwayway anali m'diresi loyera, maluwa m'manja, tsitsi atalimanga mmene mayi ake analimangira tsiku lathu. Pambali pake, pamalo panga, panaima Ambo, atapesa mpaka kunyezimira. Ataona nkhope yanga nthabwala zinamuthera, anayang'ana kumbali.

Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa. Ndinangoti, "Mwanangu," misozi n'kuyamba kutsika.

"Ababa, musalire, mundiwonongetsa zopakapakazi," anatero akuseka, misozi ili lengelenge. "Mwachita bwino. Kaya mwachita bwino, kaya. Sindikudziwa." Anapumira m'mwamba. "Ababa, mano."

Mano amenewa si a m'kamwa ayi, ndi dzina la mwambo. Kwathu mwana salowa m'tchalitchi kukakwatiwa asanatenge dzanja la kholo lake n'kuligunditsa pamphumi kuti adalitsidwe. Ndinayang'ana dzanja langa, ndinayang'ana foni, osadziwa chochita. Iye anatenga foni m'manja mwa mayi ake, anawerama, n'kuiika pamphumi pake. Kwa ine kunangoti bii.

Ndinatembenuza dzanja n'kugunditsa kuseri kwake pagalasi la foni, pakati pa makatoni ndi makoko a mazira, madalaivala atasiya makadi akundiyang'ana. Galasilo linali lotentha ndi dzuwa.

"Mulungu akudalitse, mwanangu."

Ndinamva belu, ndinamva Ambo akunena chapansipansi kuti tiye, mwana, akudikira. Dzanja ndinalisiya pomwepo mpaka foni inazima yokha.