Zigayo Zitatu Zinalira Pamodzi

Pa Golomoti zigayo zinkagaya mosinthana. Cha a Jailosi chikalira, cha a Katerina chinkangong'ung'udza osazungulira, ndipo a Pilirani ankangotseka chawo n'kukhala pakhonde. Magetsi ankafika ndithu, koma ofooka.

Amene anatumidwa kudzaona vutoli anali Doreen, injiniya wa zamagetsi wokulira pa Mtakataka, mwana wa achimwene awo a Katerina. Anatha masabata awiri akuyeza mphamvu ya magetsi pamzere wonse wa mawaya.

"Wapeza chiyani, iwe Doreen?" anafunsa a Katerina.

"Azakhali, mamota anuwa amakoka mphamvu ina yosagaya chimanga, yongodzutsa maginito m'kati mwake. Imachokera kutali, imapanikiza mawaya, ndiye magetsi amafika atatopa. Tikaika makapasita pompano, mphamvuyo izichokera pafupi."

"Makapa chiyani?"

"Mabokosi, azakhali. Mudzawaona."

Lachinayi m'mawa, anzake a Doreen anamangirira mabokosi atatu otuwa pamtengo wa magetsi pafupi ndi msika. Doreen anagwira mita yoyezera mphamvu ya magetsi. Inkaonetsa 196, m'malo mwa 230 yofunikira. Atalumikiza mabokosiwo, nambala inadumpha: 214, 225, kenako 230, n'kuima nji!

Doreen anayamba kuseka yekha. Anathamanga m'mbali mwa msewu, chipewa cha ntchito chikugwedera pamutu.

"Yatsani! Nonse yatsani! A Jailosi! A Pilirani! Azakhali, musadikire munthu!"

"Tonse? Tiotcha mamota, mwanawe!" anakuwa a Jailosi.

"Yatsani, ndili pano!"

Chinalira choyamba. Chinalira chachiwiri. Chachitatu chitalowerera, amayi amene anali pamzere ndi matumba awo anayang'anana, kenako nthungululu inabuka. Hamidu wowotcherera zitsulo anayesa makina ake, moto unathetheka bwinobwino, iye n'kumavina ndi chigoba cha kumaso. Kondakitala wa minibasi anasuzumira pawindo kufunsa ngati kuli ukwati.

A Katerina anatuluka ali mbuu ndi ufa, n'kumukumbatira Doreen mpaka ovololo yake inayera.

"Mwana wa achimwene! Ndiye zinali zimabokosi basi?"

Doreen anafuna kuyankha koma chiseko chinamutsamwitsa. Anakhala pathumba la mphale kuti alembe nambala za pamita, akusekabe. Analemba katatu konse kuti ziwerengeke.

Pofika masana, mzere wa pachigayo unali utatha, amayi ena akubwerera kumudzi kukatenga chimanga china.